Foni ya pa Chulu cha a Levison

A Levison Mbewe ndinadziwana nawo chifukwa cha kathumba. Munali m'chilimwe cha 2003, njala yaikulu ija itangotisiya kumene, ine ndili pa makina anga osokera pakhonde la golosale ya che Daudi, pa Kabudula. Panatsika pa njinga munthu wamtali, wowonda, wovala jekete lakuda la ku mapemphero ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. Anayedzamiritsa njinga ku chipilala, nandipatsa moni wautali wofunsa ndi za kunyumba zomwe, ngati tinakulira bwalo limodzi. Kenako anapisa dzanja m'jekete n'kutulutsa kanthu kokulungidwa m'mpango wa akazi awo. Ine ndinkayesa ndi buku la nyimbo. Atafunyulula, inali foni ya m'manja, yolemera ngati chibanthu cha njerwa, ili ndi kanyanga kumutu.

Anandipempha kuti ndisoke kathumba ka nsalu yolimba, kokhala ndi chibowo chotulukira kanyangako, komanso chingwe chachitali chofika m'chiuno munthu akachikoleka m'khosi. Nditafunsa kuti chingwe chonsecho n'cha chiyani, anayankha mosaseka kuti foniyo sikhala m'nyumba, imakhala mumtengo. Che Daudi, amene ankamvetsera ali kuseri kwa kauntala, anaseka mpaka kutsamwa, nati kwawo zokoleka mumtengo ndi ming'oma ya njuchi basi. A Levison sanakwiye. Anangoti tsiku lina che Daudi adzakwera nawo mtengowo, ndipo sadzaseka. Ndinadula chidutswa cha kaki chotsala pa yunifolomu ya mlonda wina, n'kusoka iwo ali chiimire, akuyang'anitsitsa singano ngati ikuboola khungu lawo.

Ana a masiku ano sangamvetse. Ife lamya tinkaidziwa ya ku positi, ya mawaya, yoti ulawirire m'mamawa, uime pamzere, kenako akuuze kuti mawaya anaduka dzana. Uthenga wa maliro unkayenda pa njinga kapena pa wailesi, ndipo abale ambiri ankafika anthu atabwerako kale kumanda. Matipate atabwera, kunabweranso makampani a mafoni opanda mawaya. Anayambira m'tauni, kwa mabwana. Nsanja zawo zinali kutali nafe, cha ku bwalo la ndege ndi m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, ndipo kuno kunkangofika mbiri yokha.

A Levison anali mlimi wa fodya wa m'mudzi wa Mkoko, kuseri kwa dambo, komanso mkulu wa mpingo. Chaka chimenecho mabelo awo anayenda bwino ku okushoni. Anzawo anabwerako ndi malata, ena ng'ombe za pangolo, iwo anabwerako ndi foni. Itafika kumudzi inangoti zii, osalira, osayimba. Akazi awo, a Selina, ankati mvula ikayamba adzaifolera padenga kuti aone ngati itchinge kudontha. Amene anawachotsa manyazi anali mwana wawo Ndaziona, yekhayo amene anakula pa ana onse amene a Selina anabereka, pakuti enawo anapita ali makanda. Mtsikanayu tsiku lina anakwera chulu chachikulu cha kumapeto kwa munda, akupitikitsa mbuzi, foni ili m'manja chifukwa ankakonda kuiseweretsa. Atafika pamwamba, pansi pa mtengo wa msekese umene unamera pachulupo, anaona timizere tiwiri ta netiweki tatulukira pagalasi la foni. Anatsika ali liwiro, mbuzi ataziiwala m'chinangwa.

Kuyambira pamenepo chulu chija chinasanduka positi ya midzi yonse yozungulira. Kagwiridwe ka ntchito kanali kotere. M'mawa a Levison ankakoleka kathumba kaja pa nthambi ya msekese n'kumalima chapafupi, khutu lili kumtengo. Foni ikalira, woyimbayo ankatchula munthu amene akumufuna ndi mudzi wake, n'kupangana nthawi yoti ayimbenso. Iwo ankasiya khasu pamzere, n'kupalasa njinga kukamuitana munthuyo, kaya ndi kutsidya kwa dambo, kaya ndi m'matope a Febuluwale. Nkhalamba ankazikweza pa kaliyala. Ofuna kuyimba okha ankalipira kangachepe, ena dzira, ena mbale ya mtedza, ndipo a maliro sankawalipiritsa. Batire likatha ankabwera nalo kwa che Daudi, amene ankatchaja ndi batire la galimoto, ndipo komweko ankagula mayunitsi a timakhadi tokala. Poyembekezera ankakhala pa benchi yanga. Ubwenzi wathu unamera pamenepo.

Che Daudi nawo anakweradi chulu chija, mayi awo atadwala kwawo. Anabwerako mkanjo uli chisoso chokhachokha, ndipo za njuchi sanazitchulenso.

Maso a a Levison sankaona bwino timalemba tating'ono, choncho wodina mabatani anali Ndaziona. Anali mtsikana wa mawu okoma, wa kwaya, woseka msanga. Anthu akafuna kutumiza nambala ya foniyo kwa abale awo akutali, iye ankawaphunzitsa mwa kanyimbo kamene anapeka yekha, kuti ngakhale wosadziwa kulemba aisunge pamtima. Ana ankakayimba poweta ng'ombe. Amayi ankakayimba pamtondo. Ine ndemwe ndinkadzidzimuka ndikukang'ung'udza popalasa makina.

Chovuta cha pachulu chinali chimodzi: panalibe chinsinsi. Netiweki inkagwira pamalo pongokwana mapazi awiri, ndipo foni ija inkatulutsa mawu ngati wailesi. Lamulungu anthu akaweruka ku mapemphero ankadzaza m'munsi mwa chulu kudikira nthawi zawo, ndipo aliyense ankamva za mnzake, kuti uyu mwamuna wake wakwatira wina ku esiteti ya ku Kasungu, uyo mwana wake walephera mayeso. A Levison ankafulatira n'kumang'ung'udza nyimbo kuti asamve. Enawo sankafulatira.

Ndaziona anachoka m'chaka cha 2007. Panali mnyamata wa ku Msundwe, wogula mtedza ndi sikelo, amene ankabwera kawirikawiri kudzayimba foni ngakhale kwawo netiweki inalipo. Tonse tinkaona, kupatula bambo ake. Tsiku lina m'mawa anapeza mphasa yopinda, kathumba ka foni kali pa msomali, mwana palibe. Zinamveka kuti awiriwo akwera basi ya ku Joni, popanda ankhoswe, popanda chinkhoswe, popanda ngakhale nkhuku yoti anthu adziwire. A Levison anatula okha pansi ukulu wa mpingo. Anati munthu amene walephera kuweta nkhosa imodzi ya m'nyumba mwake sangaime kutsogolo kwa khola lonse. Anayamba kukhala pa benchi ya kumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Koma mwana ankayimba foni. Ankayimba Lamulungu masana, pa mafoni olipira a m'misewu ya kumeneko, amene munthu sungawayimbirenso. Ankayankhula ndi amayi ake nthawi yaitali, ndipo bambo ake ankangolandira moni n'kupereka foni. Komabe ndikudziwa kuti Loweruka lililonse ankaonetsetsa kuti batire ladzadza, ndipo Lamulungu sankalola aliyense kuchedwa pafoni nthawi ya mwana wawo ikayandikira.

Tsiku limene zinthu zinaonongeka ndinalipo, pakuti ndinkadikira foni ya mwana wanga wa ku Blantyre. Kunali kumayambiriro kwa 2009, chimanga chili m'chiuno. M'munsi mwa chulu munali anthu ochuluka kuposa masiku onse: akulu a mpingo awiri amene ankafuna kuyankhula ndi abusa, ndi amayi a Chigwirizano ali m'yunifolomu zawo zoyera. A Selina anali atatsala kunyumba ndi malungo. Foni italira, a Levison anailandira, ndipo mawu a Ndaziona anamveka mpaka pamene ndinakhala. Ankalira. Anati mwamuna uja wamuthawa, wamusiya ndi khanda lalikazi, ndipo iye wapeza ganyu pa famu ina ya mphesa, kutali kwambiri ndi tauni. Sanapemphe kanthu. Anangoti, "Ababa, ndimafuna mungodziwa."

Ndinaona a Levison akuyang'ana pansi, kumene kunali maso onse aja. Mmodzi wa akulu a mpingo anakhosomola. Amayi ena anagwirana pamkono. Pamenepo mnzanga anayankhula mokweza, mawu oyankhulira anthu a m'munsi osati mwana wa pafoni.

"Ukwati unaupeza wekha, ndiye mavuto akenso usenze wekha. Usamayimbe pano kudzandivula pagulu."

Kumbali inayo mwana anangoti, "Chabwino, ababa," ndipo foni inaduka.

A Levison anabweza foni m'kathumba. M'mawa mwake anafika pa benchi yanga opanda chosoketsa, opanda chotchajitsa. Anakhala pomwepo mpaka dzuwa kufika pamutu. Pochoka anandiuza kuti mawu aja sanali a mumtima mwawo, anali a jekete, ndipo Lamulungu likubwerali akayimba adzamuuza abwere kwawo ndi khandalo, anthu anene zimene anganene.

Lamulungulo sanayimbe. Linzake sanayimbe. Dzinja linatha, anthu anakolola.

M'chaka chomwecho wailesi inalengeza kuti manambala a mafoni a m'manja atalikitsidwa, chifukwa ogula achuluka ndipo manambala akale akuchepa. Kutsogolo kwa nambala iliyonse anawonjezerako ena. A Levison anathamangira kwa che Daudi ali ndi nkhawa, kufunsa ngati afunika kugula foni ina kapena kukalembetsa kutauni. Che Daudi anawalimbitsa mtima kuti palibe chochita, kampani yakonza yokha, kakhadi ka m'kati n'komweko, ndipo aliyense woyimba awapeza monga kale. Ine ndinavomereza. Zinaonekadi choncho, pakuti a ku Kasungu, a ku Blantyre ndi a ku Mzuzu onse anamva wailesi ndipo anapitiriza kuyimba. Ana oweta ng'ombe anayesa kulowetsa manambala atsopanowo m'kanyimbo kaja, koma sikanakomenso, ndipo kanafa. Tonse atatu pakhonde paja, palibe anaganizira za munthu amene anali kutali kumene wailesi yathu sifika.

Zaka zotsatira zinasintha dziko mofulumira kuposa mmene ndingafotokozere. Kunabwera magalimoto ndi zitsulo, ndipo nsanja inaima pafupi ndi msika, nyali yake yofiira ikuoneka mpaka ku Mkoko. Netiweki inalowa m'nyumba, m'khitchini, m'chigafa momwe. Mafoni anatsika mtengo, moti wakabaza aliyense anali ndi yake. Kampani ija inagulidwa ndi eni ena, kenako enanso. Dzina linkasintha, ndipo nthawi iliyonse kunkabwera anyamata ndi zitini kudzapaka golosale ya che Daudi utoto watsopano, mpaka khoma linanenepa. Che Daudi ankati iwo sanagulepo penti chibadwire, amangodikira kampani igulitsidwe. Kenako kunabwera zotumizirana ndalama pafoni, ndi timaambulera ta maejenti m'mbali mwa msewu. Ku chulu kunasiya kupita anthu. Kanjira kaja kanamera nsonthe ndi chisoso.

A Levison okha ndi amene sanasiye. Lamulungu lililonse akaweruka ku mapemphero ankakwera chulu, n'kukoleka kathumba pa nthambi yomwe ija, n'kukhala pa muzu mpaka chisisira. Tinkawauza kuti foni tsopano ikhoza kulira ngakhale ali pa mphasa. Iwo ankayankha kuti akudziwa, koma mwana anawasiya pachulu, ndipo mawu oipa aja anagwera pachulu, choncho abwinowo ayeneranso kunenedwera pomwepo. Achinyamata anawapatsa dzina loti a Netiweki. Akamadutsa pamsika ankawafunsa kuti kodi lero timizere tilipo tingati kumwambako. Iwo ankangokweza chipewa. Oumba njerwa anabwera kangapo kudzapempha dothi la chulucho, pakuti linali labwino, koma anawabweza.

Sikuti anangokhala osafufuza. Aliyense wopita ku Joni ankamutsekereza pa siteji, n'kumufotokozera maonekedwe a mwana wawo, kachipsera ka pachibwano ndi mpata wa m'mano. Anthuwo ankalonjeza, koma pobwera ankati dzikolo n'lalikulu, mafamu a mphesa ndi osawerengeka, ndipo munthu wopanda mapepala sakonda kutchula dzina lake lenileni. Anapita ku Msundwe kwa makolo a mnyamata uja, koma nawonso anali asanamvepo za mwana wawo.

A Selina anamwalira mu 2014 pa chipatala cha Kabudula. Mayiyu sanawadzudzulepo amuna awo pagulu, koma kuyambira tsiku lija anasiya kuwaseka za malata, ndipo m'nyumba munazizira. Ndinapita kukawaona kutatsala pang'ono. A Levison anali atakhala pambali pa bedi, kathumba kali pachifuwa. Mayiwo anatambasula dzanja n'kugwira kathumbako, osati dzanja la amuna awo, n'kunena motsitsa kuti asadzazimitse. Pa maliro, anthu akuyimba kumanda, ndinaona mnzanga akusuzumira m'jekete kuona ngati foni ili yoyaka.

Chimene ankaopa kwambiri chinali kulandidwa layini. Anamva kuti nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaipereka kwa wina. Choncho ngakhale chaka chimene fodya anakanidwa ku okushoni, sopo akusowa, ankagula kayunitsi kakang'ono n'kundiyimbira ine, tili pa benchi imodzi, kuti layini ioneke yamoyo. Ndinkayankha, n'kufunsana moni ngati tili kutali, kenako n'kudula. Foni yakale ija inatupa batire, anaimanga ndi mphira, mpaka inafa ndithu. Che Daudi anawapezera ina yaing'ono, koma kakhadi kakale sikankalowa, kanafunika kudula m'mbali. Anakana kuti anyamata a pamsika akakhudze. Anabwera nako kwa ine, nati munthu amene wadula nsalu za maukwati a anthu osalakwitsa ndi amene angadule. Sindinagwirepo sizasi ndi mantha otero. Foni yatsopanoyo itayaka n'kuonetsa timizere, anapuma ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. Inkasowa m'kathumba kaja chifukwa cha kuchepa, koma anakana kuti ndisoke kena. Boma litalamula kuti layini iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso cha unzika, anali woyamba pamzere, mame asanaume.

Yankho linafika mu 2019, mwezi wa Okutobala, pa khonde lomwe lija. Minibasi yochokera ku Lilongwe inatsitsa mayi wina wachikulire pang'ono ndi mtsikana wa zaka ngati khumi ndi chimodzi, atanyamula chikwama chimodzi chamizeremizere. Mayiyo analowa m'golosale kufunsa njira ya ku Mkoko, kwa a Mbewe a foni. Tsikulo linali la msika, ndipo a Levison anali pa benchi yanga. Ndinawaona akudzuka pang'onopang'ono, maso ali pa mtsikanayo, amene anali ndi mpata m'mano.

Mayiyo anati dzina lake ndi Anastazia, kwawo ndi ku Nambuma, ndipo wakhala zaka zambiri ku Joni. Anagwada pansi pa simenti, nayamba kufotokoza mwa mwambo wake, mozungulira, kuti anadziwana ndi Ndaziona chaka chatha chokha, pa famu imene ankalongedza mphesa, kuti anali munthu wachete, wosakonda kucheza ndi a kumudzi, kuti chifuwa chinamugwira m'nyengo yozizira, ndipo kuchipatala anachita zimene akanatha. Anamuika komweko, a Malawi ochepa atasonkherana. Asanatsirizike, Ndaziona anamupempha kuti mwanayu, Mayamiko, adzamufikitse kwa agogo ake, ngakhale atakakanidwa, akangoona mudzi.

A Levison anakhalanso pansi. Sanalire. Anafunsa funso limodzi lokha, kuti n'chifukwa chiyani sanayimbe, pakuti foni sinazimepo.

Anastazia anayang'ana pansi. Anati malemuwo anamuuza kuti atakalipiridwa tsiku lija anakhala miyezi yambiri mtima ukuwawa, osayimba. Mtima utatsika anayesa, koma kunayankha mawu a makina onena kuti nambalayo kulibe. Anayesanso Lamulungu lina, ndi linanso, akuyenda mtunda wautali kuchoka pa famu kukafika pa foni yolipira, mwana ali kumbuyo. Yankho linali lomwelo. Pamapeto pake anati ababa ataya layini chifukwa cha ine, andifafaniza, ndipo sanafunenso kuvutitsa munthu ndi kalata kapena uthenga.

"Layini sindinataye ine," anatero a Levison, akutulutsa kathumba. "Ndi iyi. Ndi yomwe ija."

Pamenepo Anastazia anati mwanayo amaidziwa nambalayo, chifukwa amayi ake ankamuyimbira pomugoneka ali wamng'ono. Anamukodola kuti anene. Mtsikanayo, amene Chichewa chake chinali chodukaduka, anaima mowongoka ngati ali m'kalasi, nayamba kuyimba. Kanali kanyimbo kaja, ka pamtondo, ka oweta ng'ombe, kosasintha ngakhale pamodzi. Phazi langa linaima pa makina.

"Yambiranso, mwanawe," anatero a Levison.

Anayambiranso. Milomo ya agogo ake inkatsatira. Che Daudi, amene anali atatuluka n'kuima pakhomo, anavula kofia wawo n'kumufinya m'manja.

"Ndi yakale ija, a Mbewe," anatero. "Ya tisanawonjezere kutsogolo."

Anthu akhala akundifunsa kuti zingatheke bwanji munthu kukhala zaka zonsezo osamva kuti manambala a kwawo anasintha. Ine sindidziwa. Mwina anadzamva patapita nthawi, chilonda chitauma kale ndi mafinya m'kati. Mwina sanafunse aliyense, pakuti munthu amene wauzidwa ndi bambo ake kuti asayimbenso safuna umboni wina akapeza chitseko chotseka. Chimene ndikudziwa n'chakuti bambo ankadikira pachulu Lamulungu masana, mwana ankaima pa foni yolipira Lamulungu masana, ndipo pakati pawo pankangosowa timanambala tiwiri tokha.

Che Daudi anafuna kupepesa chifukwa cha mawu awo aja oti palibe chochita. A Levison anawagwira dzanja n'kuwaletsa. Anati wosintha manambala sanalakwe, wowalimbitsa mtima sanalakwe. Mwana akanakhala kuti sanakalipiridwe, akanafufuza njira ina tsiku lomwelo. Atatero anakweza chikwama chija pa kaliyala, nagwira mdzukulu wawo padzanja, n'kuyamba kukankha njinga kulowera ku dambo.

Anachita mwambo wa maliro popanda mtembo, ndipo mpingo wonse unabwera, ndi aja anali m'munsi mwa chulu tsiku lija. Chilimwe chotsatira anaitana okha oumba njerwa. Chulu chinagumulidwa, msekese unagwa, ndipo njerwa zake anamangira Mayamiko chipinda cha malata, malata oyamba pakhomo paja. Mtsikanayo anamulembetsa sukulu, ndipo Chichewa chake chinawongoka msanga, mpaka analowa kwaya. Agogo ake ankamuperekeza Lamulungu, koma ankakhalabe pa benchi ya kumbuyo. Foni sanaisiye. Inkakhala pachifuwa, yoyaka, ngakhale tsopano woyimba anali ine ndekha ndi mauthenga a kampani otsatsa malonda, amene Mayamiko ankawawerengera.

Komaliza kubwera pa khonde langa munali mu 2022, mvula yoyamba itagwa. Njinga anali atasiya kupalasa, anabwera pa kabaza, miyendo itatupa. Che Daudi anali atapita kale kwa Mulungu wawo, golosale akuyendetsa ana awo. A Levison anavula kathumba m'khosi n'kundionetsa chingwe chimene chinali chitatsala pang'ono kuduka. Kaki uja anali atayera ndi thukuta la zaka zonsezo, ofewa ngati nsalu ya khanda. Ndinawauza kuti ndisoke katsopano, ndili ndi chidutswa chabwino. Anakana monga kale.

Ndikulowetsa ulusi m'singano, anandifunsa ngati foni yanga ili ndi mayunitsi. Nditavomera, anandipempha kuti ndiyimbe nambala yawo, koma yakale, yaifupi ija. Ndinawakumbutsa kuti siingalowe. Anati akudziwa, n'chifukwa chake akufuna.

Sindinafunike kuifunsa, kanyimbo kaja kanali kadakali m'mutu mwanga. Ndinadina, n'kuwapatsa. Anaika foni kukhutu ndi manja awiri, maso atatsinzina. Ndinkamva pang'ono mawu a mayi wa m'makina uja, osalala, akufotokoza kuti nambala imene mwayimbayi kulibe, muonetsetse bwino ndipo muyesenso. Anamvetsera mpaka mawuwo anatha okha. Anandipempha ndiyimbenso, namvetseranso mpaka kumapeto. Kenako anandibwezera foni mosamala, ngati ndi dzira.

"Ndiye amene ankamuyankha m'malo mwanga ndi ameneyu, eti atelala?"

Ndinati ndi ameneyo, kapena mnzake wa kumeneko.

Anagwedeza mutu kwa kanthawi, akuyang'ana nsanja ija kuseri kwa msika.

"Koma ndi waulemu," anatero. "Akuti muyesenso. Ine sindinatero."

Ndinaweramira pa makina n'kusoka chingwe chija, kubwereza msoko kawiri ngakhale sunkafunika. Nditamaliza anaweramitsa mutu, ndipo ndinawaveka kathumbako m'khosi ndi manja anga. Anakalowetsa m'jekete, nasuzumira kuona ngati foni ili yoyaka, kenako anakodola wakabaza.